Foni ingamve mtima ukasokonekera, koma ayankhe ndani?

Amayi anzanga, inu amene mumayendera odwala m'miphakati mumazidziwa nyumba zimene muli munthu wa sitiroko. Mumaidziwa mphasa imene sachokapo, mkono umene unafa, pakamwa popotoka, ndi mwana wamkazi amene anasiya geni kapena sukulu kuti azitembenuza mayi ake. Ambiri tikamva za sitiroko timaganiza za BP, ena amathamangira kunena kuti munthu wamenyedwa ndi hamala ya afiti. BP ndiyo imatsogoladi. Koma pali china chimene chimagwetsa anthu, chimene sichitchulidwa kawirikawiri pamisonkhano yathu: mtima wogunda mosalongosoka. Kuchipatala vutoli timalitcha atrial fibrillation, mwachidule AF. Masiku ano kuli mawotchi, timakina ndi mapulogalamu a pafoni amene amati angathe kuligwira vutoli munthu ali pakhomo. Ana athu a m'tauni ndi a ku Joni ayamba kale kutiuza za zimenezi, ndipo ogulitsa sachedwa kufika kumene kuli mantha.

Ine ndikufuna kuti foni tiigwiritse ntchito pa matendawa. Koma phindu lake kwa ife silili mu wotchi yodula. Lili mu foni wamba ya mabatani imene mwaimanga pa mfundo ya chitenje, bola kumapeto kwinako kukhale namwino kapena dokotala woti ayankhe.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Zapamwamba zimalandira magazi n'kuwakankhira pansi, zapansi n'kuwapopera kumapapo ndi thupi lonse. Zimagwira ntchito molandizana ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: musi wina ukamakwera, wina ukutsika. Munthu akakhala ndi AF, zipinda zapamwamba zimasiya kukankha, zimangonjenjemera. Zapansi zimapitiriza kupopa koma zasowa mnzake wolandizana naye, ndiye zimagunda m'mene zafunira, kawiri mofulumira, kenako kuima pang'ono, kenako kanayi motsatizana.

Choopsa chili apa. Magazi amene sakukankhidwa bwino amadikha pakangodya kena ka chipinda chapamwamba chakumanzere. Phala mukasiya kulivundula limachita mibulu, ndipo magazi nawonso akadikha amaundana. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka kamayenda m'mitsempha mpaka kuubongo n'kukatseka njira. Ndiyo sitiroko imeneyo. Munthu wa AF ali pachiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe, ndipo sitiroko yochokera mumtima nthawi zambiri imakhala yaikulu chifukwa imatseka mtsempha waukulu.

Odwala ena amaumva mtimawo. Amati ukuthamanga pamene angokhala pakhonde, kapena amati m'chifuwa muli ngati mbalame ikukupiza mapiko. Ena amachita befu pokwera kachitunda kamene ankakwera ndi ndowa pamutu, ena chizungulire, ena kutopa kosadziwika bwino. Alipo ambiri amene samva kanthu mpaka tsiku limene akugwa kubafa. Ndipo AF imatha kubwera n'kupita. Munthu amavutika usiku wonse, m'mawa akamafika kuchipatala mtima wabwerera m'malo, namwino ayeza n'kupeza zonse zili bwino, wodwala n'kubwerera ndi panado ndi manyazi. Apa foni ili ndi mwayi umene ife a kuchipatala tilibe, chifukwa iyo imagona naye wodwalayo usiku umenewo.

Amene amapezeka nayo kwambiri ndi okalamba, a BP yokwera, a shuga, onenepa kwambiri, okonda mowa, ndi amene chithokomiro chawo chikugwira ntchito mopyola muyeso. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sankadziwa.

Koma kwathu kuno kuli gulu lina limene mabuku a ku Ulaya salitchula kwambiri, la atsikana ndi amayi achichepere amene tizitseko ta mumtima mwawo tinawonongeka ali ana. Zimayamba ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus. Zikapanda kuthandizidwa ndi penisilini, mwa ana ena thupi polimbana ndi bakiteriyayo limalumanso mtima wake womwe. Pakapita zaka, kachitseko ka pakati pa zipinda zakumanzere kamauma n'kuchepa. Chipinda chapamwamba chimafufuma chifukwa chokankha magazi pakhomo lopanikizika, mapeto ake chimayamba kunjenjemera. Ife azamba timakumana nawo amayi otere ali oyembekezera, chifukwa mimba imaonjezera magazi m'thupi pafupifupi ndi theka, ndipo mtima umene unkapirira umagonja. Mayi wa mimba amene akubanika akagona chagada, amene akugona chokhala ndiponso kutsokomola usiku, musamuuze kuti ndi mwana akukankha. Akapimidwe mtima.

Tisanafike pafoni, chida choyamba muli nacho kale. Munthu akhale pansi apume mphindi zisanu. Tembenuzani dzanja lake chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani zala zanu ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono wake m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo musafinye kwambiri. Musagwiritse ntchito chala chanu chachikulu chifukwa nacho chimagunda, mungamadziwerenge nokha. Werengani kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo ngakhale foni ya mabatani ili ndi wotchi yokuthandizani. Munthu wamkulu wopuma amagunda pakati pa 60 ndi 100. Koma chimene mukufuna kumva kwenikweni si chiwerengero. Mverani ngati kugundako kukutsatana mofanana. Kudumpha kamodzi apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri abwinobwino. AF simungaiimbire m'manja, chifukwa ilibe kayimbidwe kalikonse, ndipo kugunda kwina kumabwera kwamphamvu, kwina kofooka. Zala zikamalakwa, kawirikawiri zimalakwa poona vuto pamene palibe. Vuto limene lilipo nthawi imeneyo sizikonda kuliphonya. Ophunzira athu a chaka choyamba amazidziwa zimenezi sabata isanathe, ndipo sindikuona chifukwa chimene mayi wodziwa kumva ngati mtanda wa mandazi wafufuma angalepherere. Akatswiri a mtima a ku Ulaya, ngakhale ali ndi makina onse, amalangizabe kuti munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azimvedwa pamkono akabwera kuchipatala pa chifukwa chilichonse.

Chida chachiwiri ndi makina a batire oyezera BP, amene mabanja ena ndi maparishi ena ali nawo kale. Ambiri mwa makinawa ali ndi kachizindikiro, nthawi zambiri kamtima kogwedezeka, kamene kamatuluka kugunda kukakhala kosalongosoka. Anthu amangowerenga manambala awiri aja, kachizindikiro n'kukasiya. Kakatuluka, yezaninso munthu atapuma. Kakatulukanso tsiku lina, lembani m'buku la kuchipatala ndipo apite akaonedwe.

Tsopano za foni zamakono. Pali mapulogalamu, monga FibriCheck ya ku Belgium, amene munthu amaika nsonga ya chala pakamera kwa mphindi imodzi, tochi ya foni itayaka. Kamera imaona kusintha kwa mtundu wa chala magazi akamalowa ndi kutuluka, ndipo pulogalamu imawerengera ngati kugundako kuli mwadongosolo. Mu 2020, Covid-19 itatseka zitseko za makiliniki, madokotala a ku Maastricht ku Netherlands ankauza odwala awo a AF kudziyeza motere katatu patsiku kwa sabata imodzi, kenako n'kukambirana nawo zotsatira pafoni. Palinso kachida kotchedwa KardiaMobile, kakang'ono kolowa m'chikwama cha ndalama. Munthu amaika zala pa tizitsulo take tiwiri kwa masekondi 30, ndipo foni imajambula mzere wa magetsi a mtima, umene timautcha ECG. Mwa zonsezi, ine ndimakhulupirira kwambiri kachida kameneka, chifukwa mzerewo mungautumize kwa dokotala iye n'kuuwerenga ndi maso ake. Chimene chimatsimikiza AF ndi ECG yowerengedwa ndi munthu wophunzira, osati mawu amene foni yalemba yokha. Dziwaninso kuti zala zozizira, zonjenjemera kapena zolimba khungu chifukwa cha khasu zimasokoneza zida zimenezi, ndipo izo n'zimene zili zala za agogo athu ambiri.

Nanga mawotchi aja? Kampani ya Apple ndi yunivesite ya Stanford ku America anachita kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Analowamo anthu 419,297 ovala wotchi ya Apple. Amene wotchi inawachenjeza kuti mtima sukugunda bwino anali 2,161. Mwa iwowa, 450 okha ndi amene anavala ndi kubweza kachida kojambula ECG kwa masiku angapo, ndipo AF inapezeka mwa munthu mmodzi pa atatu alionse. Izi sizikutanthauza kuti wotchi inanamiza ena onsewo, popeza AF imabwera n'kupita. Koma taonani kuchuluka kwa amene anachenjezedwa osafika pamapeto pa kuyezedwa, m'dziko limene zipatala zili pakhomo. Taonaninso kuti ovala mawotchiwo ambiri anali achinyamata ndi a zaka zapakati. Wotchi ili pamkono wa mnyamata wa ku ofesi, matenda ali mumtima mwa agogo ake kumudzi. Mwana wanu akafuna kukugulirani wotchi ya mtengo wa matumba angapo a feteleza, yofuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse ndiponso yosagwira ntchito popanda foni yake yodula, muthokozeni, kenako mupempheni makina a BP ndi ndalama ya thiransipoti ya miyezi khumi ndi iwiri.

Funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti, tikapeza vutolo, titani? Kuuza gogo kuti mtima wake ungamugwetse tsiku lililonse, n'kumusiya wopanda kolowera, ndi kumusenzetsa mantha chabe. Choncho musanagule chida chilichonse, atsogoleri anu apite kaye kuchipatala chimene mumadalira akafunse. Kodi makina a ECG alipo, ndipo alipo wodziwa kuwerenga? Ngati palibe, wodwala amatumizidwa kuti, tsiku liti? Mankhwala oletsa magazi kuundana amapezeka? Magazi a omwa mankhwalawa amayezedwa kuti? Zinthu zikusuntha pang'onopang'ono. Kuli makiliniki otchedwa PEN-Plus a matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a tizitseko ta mtima, amene kuno kwathu anayambira ku Neno mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo n'kufika ku Salima ndi Karonga, ndipo mu 2022 mayiko a mu Africa anagwirizana pansi pa WHO kuti njira imeneyi ifalikire ku zipatala za maboma. Funsani ngati yafika m'boma lanu. Ngati sinafike, nkhaniyo ipite ku komiti ya chipatala, ndipo ipitenso mwezi wotsatira. Mayi mmodzi akafunsa amauzidwa kuti abwere mawa, koma amayi makumi atatu ovala chitenje chimodzi sabwezedwa msanga.

Chithandizo cha AF chili pa zinthu zitatu: kuletsa magazi kuundana, kuchepetsa liwiro la mtima ndi mankhwala monga atenolol kapena digoxin, ndi kuthana ndi chimene chinayambitsa, monga BP. Si aliyense wa AF amene amafunika mankhwala oletsa kuundana. Dokotala amaona msinkhu, BP, shuga, tizitseko ta mtima, ndiponso ngati munthu anadwalapo sitiroko. Ndipo pano ndinene mosapsatira: asipirini si wokwanira. Ambiri amamwa asipirini wa pagolosale poganiza kuti akudziteteza, koma pa AF amateteza pang'ono kwambiri pamene angathe kutulutsa magazi m'mimba.

Mankhwala amene tawadalira zaka zambiri ndi warfarin. Akamwedwa bwino amaletsa pafupifupi masitiroko awiri pa atatu alionse amene akanachitika. Vuto lake ndi muyeso. Akachepa, magazi amaundanabe. Akachuluka, munthu amataya magazi m'mphuno, m'nkhama, m'mimba, ngakhale muubongo. Muyeso woyenera umasiyana munthu ndi munthu, ndipo umadziwika poyeza magazi n'kupeza nambala yotchedwa INR. Munthu wosamwa warfarin amakhala pa 1. Wa AF timafuna akhale pakati pa 2 ndi 3. Poyamba amayezedwa pafupipafupi, zikakhazikika pafupifupi mwezi uliwonse, moyo wake wonse. Odwala athu ambiri amatayikira apa. Sakana mankhwala ayi. Amatopa ndi ulendo, ndalama ya kabaza imatha, tsiku limaiwalika, kapena amauzidwa kuti abwerenso mawa kudzamva zotsatira.

Apa ndi pamene foni ya mabatani imaposa wotchi. Alamu ikalira nthawi yomweyo madzulo alionse, mankhwala saiwalika, ndipo akaiwalika samwedwa awiri mawa lake. Uthenga wokumbutsa tsiku loyeza magazi ungachokere kwa namwino, kwa mwana, kapena kwa mmodzi wa inu. Kumene zotsatira za INR zimachedwa, wodwala asagone pakhonde la chipatala kapena kuyenda ulendo wachiwiri. Agwirizane ndi namwino kuti amuimbire, amve nambalayo ndi muyeso watsopano, awubwereze ndi pakamwa pake kuti namwino atsimikize, ndipo ulembedwe m'buku nthawi yomweyo. Lembani mamiligiramu, osati mtundu wa piritsi, chifukwa mitundu imasintha malinga ndi kampani yopanga. Chachikulu kuposa zonse ndi kuimba musanamwe mankhwala ena alionse. Flagyl, Bactrim ndi fluconazole zimaonjezera mphamvu ya warfarin, moti munthu angayambe kukha magazi m'masiku ochepa. Mankhwala a TB amaichepetsa mphamvu kwambiri. Ena mwa ma ARV amaisinthanso. Brufen, diclofenac ndi asipirini zimakanda m'mimba mwa munthu amene magazi ake saundana msanga. Za zitsamba ndi zakumwa za m'mabotolo zogulitsidwa m'misika, palibe amene angakuuzeni zimene zili m'katimo. Onsewa ndi mankhwala amene timapatsana mwachifundo pamaliro ndi pazinkhoswe. Mayunitsi a mphindi imodzi angaletse zimenezi.

Pa za ndiwo, pali bodza limene lafala loti womwa warfarin asadye zamasamba. Zoona zake n'zakuti masamba obiriwira, monga nkhwani, bonongwe, mpiru ndi chigwada, ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Munthu asasiye kudya, koma azidya mofanana sabata ndi sabata. Kwathu kuno mphika umasintha ndi nyengo, dzinja masamba ali mbwee, nthawi ina n'kukhala nyemba ndi usipa basi. Kadyedwe kakasintha chonchi, namwino adziwe, mwina angafulumize tsiku loyeza.

Mwina mwana wanu wa kunja wakuuzani za mankhwala atsopano osafuna kuyeza magazi mwezi ndi mwezi, monga rivaroxaban ndi apixaban. Alipodi, ndi abwino kwa odwala ambiri a AF, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019. Koma si a aliyense. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 a m'mayiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America, onse a AF yobwera chifukwa cha tizitseko towonongeka ndi zilonda zapakhosi zija. Ambiri anali amayi. Ofufuza ankayembekezera kuti rivaroxaban achita bwino. M'malo mwake, amene ankamwa warfarin kapena mankhwala a gulu lake ndi amene anamwalira ochepa. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ena amaganizira n'chakuti omwa warfarin ankaonana ndi achipatala pafupipafupi chifukwa choyeza INR, ndipo mavuto ena ankaoneka msanga. Choncho mapaketi obwera pabasi kuchokera ku Johannesburg asalowe m'malo mwa warfarin dokotala asananene.

Ku China anayesa pulogalamu ya pafoni yotchedwa mAFA pa odwala a AF oposa 3,000, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Amene ankaigwiritsa ntchito anagonekedwa m'chipatala mocheperapo kuyerekeza ndi anzawo. Koma pulogalamuyo sinali yongoyeza mtima. Inkakumbutsa za mankhwala, inkaphunzitsa wodwala, inkatsata BP yake, ndipo inkamulumikiza ndi madokotala ake amene ankaona zimene walemba. Mukachotsapo madokotalawo mwatsala ndi chidole. Zambiri mwa zimene inkachita, kabuku, foni ya mabatani ndi namwino woyankha zingathe kuchita.

Kwa amayi a msinkhu wobereka ndili ndi mawu apadera, ndipo apongozi amve nawo. Warfarin angathe kuwononga mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Mayi womwa warfarin akambirane ndi dokotala pamodzi ndi mwamuna wake asanatenge pathupi. Akangodumphitsa mwezi, aimbe kapena apite tsiku lomwelo, osadikira kuti mimba ioneke kaye ngati m'mene timachitira ndi sikelo. Asasiye mankhwala payekha, chifukwa mimba imapangitsa magazi kuundana msanga, ndipo madokotala ali ndi njira ina, ya jakisoni, yomutetezera m'miyezi imeneyo. Akabereka angathe kuyamwitsa akumwa warfarin. Ngati msambo wachuluka kwambiri chiyambireni mankhwalawa, anene, asangovutika mwakachetechete mpaka magazi kutha m'thupi.

Kuthandizidwa pafoni si chinthu chachilendo kwa ife. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ngati njira yolangizira amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono, kenako chinafalikira dziko lonse n'kukhala m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Alangizi a kumeneko angakuuzeni ngati chizindikiro china chikufunika kuthamangira kuchipatala. Koma sakuona buku lanu ndipo sangakusinthireni muyeso wa warfarin. Pa zimenezo pakufunika nambala ya kiliniki imene imakudziwani. Ine ndikuona kuti chipatala chilichonse chopereka warfarin, cha boma kapena cha mishoni, chiyenera kukhala ndi foni yakeyake ya odwala amenewa, yokhala ndi mayunitsi ndi munthu woisunga. Pakali pano anamwino ambiri amapereka nambala zawo ndi kuimba ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo namwinoyo akasamutsidwa odwala ake onse amasowa pogwira.

Tiganizirenso za mwini wake wa foniyo. M'mabanja ambiri foni ndi ya bambo kapena ya mnyamata, ndipo imachoka m'mawa n'kubwera usiku. Uthenga wa namwino umafika kumsika pamene wodwala ali kumunda. Popereka nambala kuchipatala, perekani ya munthu amene amaonana ndi wodwala tsiku lililonse, ndipo wodwalayo avomereze. Nkhani ya chilolezo ndiitsindike, chifukwa magulu athu a WhatsApp ali ndi chifundo chochuluka ndi chinsinsi chochepa. Chithunzi cha buku la kuchipatala chikaponyedwa pagulu kuti anthu apempherere wodwala, patsamba lomwelo pamakhala zina zimene mwini wake sanauze ngakhale ana ake. Pemphero silifuna chithunzi. Zotsatira zipite kwa namwino yekha.

Chenjeraninso ndi anthu amene amabwera ndi laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja, n'kunena kuti m'mphindi ziwiri ayeza mtima, impso, chiwindi ndi magazi, kenako n'kutulutsa mabotolo ogulitsa. Nthawi zina amapempha ngakhale holo ya parishi. Palibe makina ogwira m'manja amene angachite zimenezo. Njira yowasiyanitsira ndi yosavuta. Woyeza woona amakuuzani kuti mupite kuchipatala mukatsimikize, ndipo sakugulitsani kanthu. Amene akuuza womwa warfarin kuti asiye mankhwala ake ayambe botolo lake akuika moyo wa munthuyo pachiswe, ndipo bambo mfumu ndi a komiti ayenera kumva za iye asanamupatse kiyi wa holo.

Ngati chipatala chanu chayankha bwino mafunso aja, gulu lanu lingayambe ndi zochepa. Makina amodzi a BP okhala ndi kachizindikiro kaja, mabatire, ndi kabuku kosungidwa ndi munthu mmodzi wosunga pakamwa. Pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo adzaphunzitse amayi atatu kapena anayi kumva pamkono ndi kumanga makinawo moyenera. Yambani ndi okalamba amene mumawayendera kale, ndi a BP. Musauze munthu kuti ali ndi AF. Muuzeni kuti mtima sukumveka kugunda mofanana ndipo akufunika ECG. Kachida kojambula ECG pafoni kaja, ngati alipo wofuna kuthandiza parishi, kakhale kuchipatala chaching'ono m'manja mwa namwino amene ali ndi dokotala womutumizira, osati m'kabati ya gulu. Ndipo ku banki m'khonde, thumba la zadzidzidzi lisamadikire maliro okha. Ndalama ya kabaza yotumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money dzulo lake la tsiku loyeza INR ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zaka zosamalira munthu wogona pamphasa.

Pali nthawi imene foni siyenera kuyeza chilichonse, ingoitana galimoto. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akayamba kutuluka mosamveka, nyamukani, ngakhale zizindikirozo zitatha pakapita mphindi zochepa. Chimodzimodzi kwa womwa warfarin amene wagwa n'kumenya mutu, amene chimbudzi chake chada ngati makala, mkodzo wafiira, kapena kamfuno sakusiya patapita mphindi khumi mutatsina mphuno. Wa sitiroko mugonekeni chammbali. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala, chifukwa angatsamwe, ndipo musamupatse asipirini popeza simukudziwa ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Onani pafoni nthawi imene zayamba, muisunge. Tengani buku lake ndi mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ndipo kwa namwino woyamba amene mukumane naye pakhomo la chipatala, nenani kuti wodwalayu amamwa warfarin ndi tsiku limene anayezetsa INR komaliza.